Ulemu Umene Unaphimba Chilonda cha a Enock Gwedeza

Malemu a Enock Gwedeza anabadwa pa 9 Okutobala 1972, m'mudzi mwa Kambalame, kwa Mfumu Yaikulu Ganya m'boma la Ntcheu. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana anayi. Makolo awo onse anatsogola kale. Amene anayenera kuima pano ndi amalume awo, omwe ndi bambo anga, koma ndi okalamba, ndipo akutionera ali ku Ntcheu kudzera pa lamya mukuiona yatsamira pawindoyo. Choncho andituma ine Sydney, msuweni wa malemu, wa ku Manchester. Mukamva ndikuwanena pena ndi pena musadabwe, chisuweni sichitha ndi imfa.

Abusa, akuluakulu a mpingo, amayi ndi abambo, mbiri ya malemu imakhala yaifupi, koma iyi italikirapo, ndipo ndikupepeseretu. Pa masabata onsewa amene thupi linali m'manja mwa aboma ofufuza za imfa, pakati pathu payenda mawu. Ena akuti a Gwedeza anaphedwa ndi makina amene anapanga okha. Ena akuti anaphedwa ndi ulesi wa mwana amene ankawasamala kunyumba, Nasilele, yemwe tonse timamudziwa m'kwaya yathu. Panopa Nasilele anaimitsidwa ntchito ndipo mlandu wake ukambidwa mwezi wamawa. Sindikufunika kukufotokozerani inu kuti kuno viza imamangiriridwa kuntchito, ndipo ntchito ikatha munthu amalongedza. Mwamuna wake ndi khanda lawo ali m'dziko muno pa viza yake yomweyo. Banja la malemu silikugona nayo tulo nkhani imeneyi. Landiuza kuti ndinene zonse monga zinachitikira, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa.

Sukulu ya pulayimale a Gwedeza anayamba mu 1979 kwawo komweko. Mlongo wawo wamng'ono, malemu Tereza, anadwala poliyo ali wakhanda ndipo miyendo inafooka. Ankayenda chokwawa, mapatapata atavala kumanja. A Enock ndiwo ankamubereka popita kusukulu, njira yake yokwera chitunda, ndipo atatopa nako kubereka anaphwasula njinga ya bambo anga, osapempha, n'kupanga kangolo ka matayala atatu. Anakwapulidwa tsiku limenelo. Inenso ndinakwapulidwira kumodzi chifukwa ndinagwirizira sipanala. Koma bambo atakaona kangoloko kakuyenda sanakaphwasule, ndipo Tereza anamaliza nako Sitandade 8.

Mu 1987 anasankhidwa kupita ku sekondale ya boma ya Dedza, ndipo mu 1991 anapita ku Polytechnic ku Blantyre kukaphunzira uinjiniya wa makina. Atamaliza mu 1996 analembedwa ntchito kukampani ya njanji ku Limbe. Loweruka, ife tikamapita kumpira, iwo ankapita kuchipatala cha Gulupu kukathandiza amisiri okonza njinga za olumala ndi zitsulo zolimbitsa miyendo ya ana. Kumeneko ndi kumene anaonana ndi namwino wina wochokera ku Dedza, mayi Edwina ali apawa. Ukwati unadalitsidwa pa 7 Ogasiti 1999 ku mpingo wa CCAP ku Limbe. Mayi amanena kuti bambo anawafunsira maso ali pa tayala la njinga ya wodwala, osati pankhope yawo, ndipo ine amene ndinakula nawo ndikukhulupirira.

Mu 2004 anapeza mwayi wodzapitiriza maphunziro ku yunivesite ya Salford. M'mawa anali m'kalasi, akaweruka ankathamangira kunyumba ina yosamalira okalamba ku Eccles, kukasambitsa, kutembenuza ndi kunyamula anthu, ntchito yomwe ambiri muno mukuigwira lero. Ndikunena zimenezi kuti pasakhale woganiza kuti malemu sankadziwa malamulo a ntchitoyi. Ankawadziwa bwino lomwe. Banja linawatsatira mu 2006. Mu 2011 analandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya Sheffield, ndipo chaka chotsatira analowa m'kampani ina yaing'ono ya mumzinda muno, yopanga makina ovala oyendetsa anthu ofa ziwalo.

Dzina la Chingerezi la makinawa limandiluma lilime, ife tinkangoti miyendo ya a Gwedeza. Kwa amene simunaione, ndi zitsulo zopepuka zimene zimatsata mwendo chakunja, kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi, zomangidwa pathupi ndi malamba. M'chiuno ndi m'mawondo muli timainjini, batire ili kumsana, ndipo munthu amagwira ndodo ziwiri. Akaweramira kutsogolo pang'ono makina amamva, n'kumuponyera mwendo. Makina otere analipo kale m'maiko ena, koma ankayenda bwino pa simenti yosalala ya m'chipatala basi. A Gwedeza zimenezo sizinkawakwanira. Ankati amene anawapanga sanafikepo ku Sheffield kapena ku Ntcheu, kumene ngakhale popita kukapempha mchere kwa neba umayamba wakwera chitunda. Ntchito yawo zaka zonsezi inali imeneyo, kuphunzitsa chitsulo kukwera ndi kutsika popanda kugwetsa mwini wake.

Zaka zoyamba zinali zowawa. Makina ankagwa, ankatentha, batire inkatha pakati pa chipinda. Ankayesera pa chidole chachikulu cholemera ngati munthu wamkulu, ndipo tsiku lina mayi anachipeza chitakhala pampando wawo wakutsogolo m'galimoto, atachimanga lamba bwinobwino. Msuweni wangayu anali munthu wosachedwa kuda nkhawa. Kachitsulo kamodzi kakalira mosayenera ankakankha mbale, n'kumangozungulira m'nyumba manja ali kumbuyo. Ukamufunsa ankati munthu akagwa ali m'makina alibe mwendo wodzitchinjirizira, amagwa yense ngati mtengo, ndipo mlandu wake ndi wa injiniya. Koma tsiku la Sabata anali pano, popeza mu 2013 anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo uno. Nyumba yawo ya ku Walkley, mumzinda muno, inasanduka pofikira aliyense wobwera kumene, Mmalawi kapena wa ku Zambia. Ambiri muno jekete lanu loyamba la chisanu munalilandira kumeneko.

Pa 27 Febuluwale 2018, m'mawa wa chisanu choopsa, a Gwedeza ankatsika mtunda pa njinga yakapalasa kupita kuntchito. Mayi anali atawauza kuti akwere basi. Tayala linaterereka pa madzi oundana ndipo anakaomba khoma lamwala. Msana unathyoka. Anakhala miyezi yambiri m'chipatala cha ovulala msana, ndipo anatuluka ali pa njinga ya olumala, osamva kanthu kuyambira pamchombo kutsika. Masiku oyambawo sankafuna kuona munthu. Ife tikabwera kuchokera ku Manchester ankatseka maso ngati agona, ndipo tinkawadziwa kuti sanagone. Alipo amene ananong'ona kuti munthu wokhalira kupanga miyendo yachitsulo anadziitanira yekha tsoka. Sinditchula maina pamaliro pano, koma mawuwo anawafika, ndipo anawapweteka kwambiri.

Chimene chinawadzutsa ndi anzawo a m'wodi. Munali dalaivala wa basi, munali mtsikana wogwa pahatchi, munali mmisiri wofolera nyumba. Atamva ntchito imene a Gwedeza ankagwira anayamba kuwafunsa tsiku ndi tsiku kuti makinawo atha liti. Bambo anabwerera kuntchito mu 2019, tsopano ali wopanga ndiponso woyesera, ndipo chidole chija chinapuma. Pa 3 Juni 2021 anaimirira koyamba m'makina awo. Mayi akuti atafika kunyumba sanasangalale monga tinkayembekezera, anangoti bondo lakumanzere likuchedwa. Pa Pasaka wa 2022 analowa m'tchalitchi muno akuyenda, kuchokera pakhomo ilo mpaka kugome, n'kuwerenga Mawu ali chiimire. Ambiri munalipo. Nthungululu zake zinatulutsa aneba m'nyumba. Ine sindinamve ngakhale vesi limodzi, ndinali kumbuyo kwawo manja ali chitambasulire, mtima uli m'mwamba, kuopa kuti agwa.

Tsopano ndifike pa chimene chatisonkhanitsa. Munthu wofa ziwalo samva kupweteka. Lamba akamamukhula, khungu limafiira, kenako limatseguka, mwini wake osadziwa kanthu. N'chifukwa chake lamulo la makinawa ndi lakuti tsiku lililonse wina aziona khungu lonse, kuphatikizapo malo amene munthu sangadzione bwino yekha, kumunsi kwa msana ndi pokhalira. Pakapezeka pofiira, munthu amasiya kuvala makina mpaka papole, ngakhale zitenge miyezi. Lamulo limeneli analemba nawo ndi a Gwedeza omwe. Mayi ndiwo ankawaona, ndipo akakhala pa shifiti kunkabwera osamalira odwala otumidwa ndi kampani ina. Anali anthu achilendo, ndipo bambo ankawalola popanda manyazi.

Nasilele anafika kuno mu 2022 kuchokera ku Mongu, m'dziko la Zambia, kudzagwira ntchito yosamalira odwala. Miyezi yoyamba anasungidwa m'nyumba ya a Gwedeza. Pokwatiwa mu 2023 makolo ake sanathe kubwera, ndipo a Gwedeza ndiwo anakhala pampando wa bambo ake, anayankhula zonse za chikwati, n'kumupereka. Iye ankawatchula kuti atate, ndipo powapatsa madzi ankagwada. Chakumapeto kwa 2024 akuluakulu a kampani yosamalira odwala ija, atazindikira kuti ali ndi wantchito womvana chinenero ndi wodwala wawo, anamutumiza kwa a Gwedeza. Papepala awiriwa sanali pachibale. Akuluakuluwo ankaganiza kuti akuchita chifundo. Sanadziwe kuti kwathu mwana wamkazi saona thupi la bambo ake, ndipo palibe amene anawauza. Vutolo silinaoneke msanga chifukwa mayi analipo, mbali imeneyo ankaigwira okha.

Mu Januwale chaka chino amayi awo a mayi Edwina anadwala kwambiri ku Dedza. Mayi anazengereza, bambo anawakakamiza kuti apite. Ana, Tiya ndi Mayeso, anali kusukulu zawo, wina ku Leeds wina ku Glasgow. Nthawi yomweyo kuntchito kunali kotentha. Akuluakulu ovomereza zipangizo zachipatala anali kudzabwera mu Malichi kudzaona makinawo akukwera mtunda weniweni, panja, ndipo wovala anali a Gwedeza chifukwa panalibe wina wowazolowera. Zikanayenda bwino, anzawo a m'wodi aja akanayamba kuyesera nawo. Zikanalephereka, othandiza kampani ya makinayo ndi ndalama anali atanena kale kuti atopa. Pofuna kuti chiuno chisamagwedere pamtunda, bambo anasintha lamba wakumbuyo n'kumumangitsa kuposa kale. Lamba ameneyo ndiye anayamba kudya khungu.

Anali ndi galasi la chigwiriro chachitali lodzionera kumbuyo, ndipo eni ake anavomera pambuyo pake kuti chilondacho anachiona chikadali ngati chikhadabo. Anaganiza kuti akaulula avulidwa makina, alendo aja adzapeza palibe woyenda, ndipo ntchito ya zaka zonsezi ithera pomwepo. Anasankha kupirira mpaka tsikulo lidutse. Kuntchito, mayi Michelle, katswiri wa mafupa ndi minofu amene ankawamanga malamba, akafuna kuona kumsana, bambo ankati kwaonedwa kale kunyumba. Kunyumba ankauza Nasilele kuti kwaonedwa kuntchito. Msuweni wangayu, ndi madigiri ake onse, anachita ngati mwana wothawa madzi, wouza amayi kuti wasamba kwa agogo, agogo n'kuwauza kuti wasamba kwa amayi. Mayi Michelle anakhulupirira chifukwa amene ankanenawo anali abwana awo, ndiponso mwini lamulo.

Nasilele ankawasambitsa kumtunda ndi kuwathandiza kuchoka pabedi kupita panjinga. Ikafika nthawi yoona kumunsi ankamutuma kukatereka madzi a tiyi, ndipo pobwera ankawapeza atavala kale. Mtima wake sunakhazikike. Anayamba kumva kafungo pazofunda. Anaona bambo akutuluka thukuta m'chipinda chozizira, chakudya akungochiyang'ana. Anafuna kuimbira mayi, koma mayi anali pambali pa bedi lina ku Dedza, amayi awo ali kayakaya, ndipo bambo anamuletsa kuti asawaonjezere katundu. Anafuna kuuza akuntchito kwake, koma anaona ngati kukaneneza kholo kwa alendo. Anaonda mwanayu masabata amenewo, ena mwa inu a kwaya munamufunsa ngati akudwala.

Tsiku lina anagwada pafupi ndi bedi n'kupempha akulira kuti amulole aone kamodzi kokha. Yankho lawo iwo eni analibwereza pamaso pa abusa, ndiye sindikuwanamizira. Anati, "Mwana wanga, ine ndinakhala pampando wa bambo ako. Lero ukufuna undivule?" Nasilele anadzuka n'kutuluka. Amayi ndi abambo, ndani mwa ife, woleredwa monga tinaleredwera, akanapeza choyankha pa mawu amenewo? Kuntchito kwake anapitiriza kunena kuti khungu lili bwino, pobwereza zimene anauzidwa, ndipo mlandu wake wagona pamenepo.

Pa 3 Malichi m'mawa, kutatsala pang'ono kuti alendo aja abwere, Nasilele anawapeza akunjenjemera, akuyankhula zosamveka. Sanapemphenso. Anawatembenuza, anakweza nsalu, anaona. Chilonda chinali chitafika pafupa. Bambo anatsitsimuka pang'ono n'kumuletsa kuitana ambulansi, ati adikire sabata ithe, makina ayambe aonedwa. Anamukalipira mawu amene sanamukalipirepo chimudziwireni. Iye anaimba lamya iwo akukalipa, ndipo anakwera nawo ambulansi iwo atayang'ana kumbali.

Madokotala anati poizoni wa chilonda walowa m'magazi. Anawachita opaleshoni kawiri. Mayi Edwina uthenga unawapeza akuchokera kumanda kukaika amayi awo, paja mvula ikakuona litsiro sikata. Ananyamuka anthu asanabalalike pasiwa, ndipo anafika kuno pa 8 Malichi. Ife tinali m'khonde la chipatala, kusinthana monga timachitira, uyu akaweruka ku shifiti uyo apite, maso ali pachitseko. Dokotala aliyense wotuluka tinkamuwerenga nkhope asanatsegule pakamwa. Lero ankati kutentha kwatsika, mawa ankati impso zatopa. Tiya anasiya kufunsa, ankangokhala pansi atatsamira khoma. Tsiku limene alendo aja anayenera kubwera linadutsa bambo ali pa makina ena, owathandiza kupuma.

Pa 12 Malichi anatsitsimuka, nzeru zili bwinobwino. Choyamba anafunsa ngati alendo anabwera. Mayi anawauza zoona, kuti sanabwere, ndipo kuyesera konse kwaimitsidwa chifukwa cha zimene zachitikazi. Misozi inayamba kutsikira m'makutu. Chimene anabisira chilonda kuti chisachitike chinali chitachitika. Kenako anafunsa kuti Nasilele ali kuti, bwanji sakumuona. Atamva kuti waimitsidwa ntchito anapempha kuti aitanidwe abusa, mayi Michelle ndi dokotala wa wodiyo. Anafotokoza zonse ndakuuzanizi m'Chingerezi kuti onse amve, kenako anatembenukira kwa mayi n'kunena m'Chichewa. Mawu ake ndi awa, monga mayi anandipatsira: "Makina sanalakwe, lamba ndinamangitsa ndine. Mwana uja sanalakwe, ndinamutseka pakamwa ndi ulemu wake womwe. Akanandimvera tsiku lomaliza lija, bwenzi ndinafera m'nyumba. Mukamuuze kuti ndikumufuna."

Koma lamulo la woimitsidwa ntchito ndi lakuti asayandikire wodwala wake kapena banja lake mpaka mlandu utakambidwa. Tinapempha chilolezo. Abusa anaimba malamya, mayi anaimba, inenso ndinaimba mpaka kupsa mtima ndi anthu osalakwa. Ofesi iyi inkatitumiza kuofesi iyo. Bambo ankati chitseko chikatseguka ankatembenuza mutu kuti aone walowa ndani. Chilolezo chinabwera Lolemba. A Enock Gwedeza anali atamwalira Lachisanu masana, pa 14 Malichi 2025, ali ndi zaka 52, mayi ndi ana ali pambali pawo. Mawu omaliza amene Nasilele anamva kuchokera pakamwa pawo ndi okalipa aja.

Zimene zichitike kutsogoloku sitikuzidziwa, ndipo sindikunamizani. Aboma sanamalize kufufuza. Makina atsekeredwa m'chipinda. Mayi Michelle ndi anzawo atiuza kuti alimbikira kuti ntchito isafe. Akusintha lamba uja, ndipo akufuna kuikamo kachipangizo kodziwitsa pamene khungu lapanikizika, kuti asamadalirenso mawu a wovala. Kaya adzaloledwa, kaya liti, palibe akudziwa. Dalaivala wa basi uja wabwera, ali kumbuyoko panjinga yake, ndipo akadali kudikira. Za Nasilele, abusa ndi dokotala avomera kukaikira umboni. Koma amene adzaweruze sanakulire kwathu. Kuwafotokozera kuti munthu wamkulu, wophunzira ntchito yake, analephera kukweza nsalu chifukwa cha ulemu, si chinthu chapafupi. Loya amene akutithandiza pa mlanduwu watiuza kuti tisalonjeze kanthu kwa aliyense, ndipo ife tili ndi mantha.

Pali mawu amene malemu anasiyira abusa kuti adzanenedwe kwa inu amene mawa mukubwerera kuntchito. Ulemu ndi wabwino, ndi umene unatilera. Koma mukatumidwa kwa munthu amene mumamutchula kuti bambo kapena mayi, nenani msanga kuti akutumizeni kwina. Mukavomera kupita, kwezani nsalu, ngakhale akalipe. Ndipo ife akuluakulu, tikadzagona pabedi, tisadzaopseze ana ndi imvi zathu. Ine ndingoonjezera kuti amene mwakhala mukutumizirana mauthenga onena mwanayu pa malamya anu, lero mwamva, muwafufute.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Edwina. Ana awo Tiya ndi Mayeso, amene akumva zonse ndikunenazi ngakhale adzandiyankha m'Chingerezi. Akulu awo a Edmund ku Ntcheu. Mlongo wawo mayi Fanny ku Lilongwe. Amalume awo ndi mbumba yonse ya kwa Kambalame. Mayi andiuza kuti powerenga ana ndisaime pa awiri. Wachitatu ndi Nasilele, ndipo khanda lake ndi mdzukulu woyamba wa a Gwedeza.

Banja likuthokoza abusa ndi akuluakulu a mpingo. Amayi a Mvano amene sanachoke kunyumba ku Walkley chichitikireni zovutazi. Abale a ku Malawi ndi a ku Zambia a muno mu Sheffield, ku Manchester ndi ku Salford, amene mwagwirana manja kuti thupi lipite kwawo. Madokotala ndi anamwino amene anayesetsa. Ndi anzawo akuntchito, amene akhala pamzere wachitatuwo chiyambireni mwambo uno, osamva chinenero koma osasuntha. Thupi linyamuka Lachiwiri, ndipo mwambo woika m'manda udzakhala Loweruka kwa Kambalame. Mayi Edwina sakakhalitsa kumudzi monga mwambo ufunira. Apempha amalume, ndipo amalume alola, kuti akangoika m'manda abwerere kudzakhala pambali pa Nasilele tsiku la mlandu.

Chomaliza. Loya anatipezera chilolezo choti Nasilele akhale nafe lero, ndipo ndauzidwa kuti wabwera, koma sanalowe. Ali panja pa masitepe, mwana kumsana, akunyowa ndi mvula poopa maso anu. N'chifukwa chake chitseko tinachisiya chotsegula, kuzizira konseku, kuti azimva. Nasilele, mwana wathu, uthenga wa bambo ako wachedwa, koma ndi umenewo: anati akukufuna. Amayi awiri a Mvano, chonde dzukani mukamutenge. Malo ake ali apa, pambali pa mayi. Akwaya musayambe nyimbo mpaka atakhala pansi. Tidikira.

Mzimu wa bambo athu, msuweni wanga, a Enock Gwedeza, uuse mumtendere.